Phapo Lomatirira ku Nthiti

Ntchito yanga ndi kupha mbuzi pa msika wa Milange. Sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi, koma m'chifuwa mwa mbuzi ndimadziwamo.

Ukang'amba, umapeza mapapo awiri, ofewa. Kholingo limatsika kuchokera kukhosi, n'kugawika pawiri, kenako n'kumwazika ngati mizu ya udzu. Phapo limavala kachikopa kopyapyala koterera. Nthiti nazo m'kati mwake zili ndi kachikopa kotero. Ziwirizi zimangokhudzana, sizigwirana. Mbuzi ikakhala yabwino, dzanja limadutsa pakati pake mosavuta. Ikakhala yodwala, umapezapo madzi achikasu. Ikadwala nthawi yaitali, phapo limamatirira ku nthiti, umachita kusenda ndi mpeni.

Akazi anga anayamba kutsokomola nthawi yokolola chimanga. Kenako kubaya m'nthiti za kumanja. Ankagonera mbali imodzi yokha. Kuchitsime kunayamba kuwatalikira. Ndinawakweza pa njinga mpaka kuchipatala. Anawajambula m'chifuwa. Dotolo anaimika chithunzi pa windo. Mbali ina inali yakuda, ina yoyera mpaka pakati.

"Awa ndi madzi," anatero. "Ali pakati pa phapo ndi nthiti. Phapo lapanikizika. Tilowetse kapaipi pakati pa nthiti kuti atuluke."

Ndinamva msanga. Ndinali nditaziona kambirimbiri. Koma ine ndinali mkamwini, ndinkakhala kwawo kwa akazi anga, kufupi ndi mtsinje wa Ruo. Mawu otsiriza anali a atsibweni awo, mwini mbumba. Akazi anga anati, "Tikawauze kaye."

Atsibweni anakana. Mchemwali wawo wina anamwalirira kuchipatala atamuchita opaleshoni, ndipo sanaiwale.

"Munthu si mgolo woti n'kumaboola," anatero.

Anaitana woti adzawatemere. Mphini zinadzaza m'nthiti. Pamudzi pa eni mkamwini sakweza mawu, komanso kulankhula si khalidwe langa. M'mawa ndinkapita kumsika, madzulo ndinkawapeza atatsamira khoma, akupuma ngati akwera phiri. Inatha sabata, inatha ina, inathanso yachitatu.

Tsiku lina ndinapha mbuzi, chifuwa sindinagulitse. Ndinachikulunga m'masamba a nthochi, mapapo ndi kholingo zili momwemo, ndinachimanga pa njinga. Ndinapeza atsibweni ali pakhonde pathu, akazi anga ali pa mphasa.

"Akamwini, lero mwatikumbukira ndiwo?" anatero atsibweni.

"Si ndiwo. Taonani."

Ndinaika kholingo pakamwa, ndinauzira. Mapapo onse awiri anatukuka mpaka kudzaza nthiti. Ndinalowetsa dzanja pakati pa phapo la kumanja ndi nthiti, ndinakanikiza, ndinauziranso. Linatukuka limodzi lokha.

"Dzanja langali ndiye madzi aja," ndinatero. Ndinalasa nsonga ya mpeni pakati pa nthiti ziwiri, inakhudza chala changa. "Kapaipi kamafika apa basi. Phapo sikalikhudza."

Atsibweni anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye mwana wa mlongo wanga mwamuyesa mbuzi?"

Akazi anga anaseka, kuseka kunasanduka chifuwa. Chitawaleka anati, "Atsibweni, mbuzi yakufayo ikupuma bwino kuposa ine. Ndiloleni ndipite."

"Pitani," anatero. Kenako anandiloza ine. "Koma chikachitika, ndi chanu."

Tinapita m'mawa mwake. Pa njinga sakanatha, tinakwera shapa, minibasi ya kuno. Anawalowetsa kapaipi tsiku lomwelo. Ndinkayembekeza madzi achikasu. Munatuluka mafinya, ndipo fungo lake ndinkalidziwa. Patapita masiku anayi anawajambulanso. Dotolo anandiitanira panja.

"Mafinya atuluka, koma phapo silikudzuka. Kachikopa kaja kakhuthala, kaligwira."

Nditabwerera, akazi anga anandiyang'ana kumaso.

"Bambo a ana, akuti chiyani?"

"Akuti lamatirira."

"Mbuzi yotere mumaitani?"

"Phapolo timataya. Nyama ina yonse imakhala yabwino."

"Ndiye ndatsala ndi limodzi. Landikwanira, sindithamanga."

Silinawakwanire. Thupi linkangotentha, chakudya anachikana. Anamwalira tsiku lachisanu ndi chinayi, masana, ndili panja ndikutsuka kapu yawo.

Pamaliro atsibweni sananditukwane. Anangoima pafupi nane, maso ali kumanda, n'kunena kuti, "Tinanena." Ndikanati chinawapha si kapaipi koma masabata atatu aja, akanandifunsa kuti pamasabata amenewo ine ndinali kuti. Ndinali pomwepo. Mbuzi ndinkapha tsiku lililonse. Chifuwa chija ndikanabwera nacho tsiku loyamba.

Titameta, anandisudzula monga mwa mwambo. Ana anatsala kuchikazi, ndi kwawo. Ndinatenga njinga, mipeni ndi bulangete. Pano ndimakhala m'kachipinda kuseri kwa msika.

Ntchito ndi yomwe ija. Ndikang'amba chifuwa, ndisanadule china chilichonse, ndimayamba ndadutsitsa dzanja pakati pa phapo ndi nthiti. Nthawi zambiri limadutsa. Likakodwa, ndimauza mnzanga wa pa benchi loyandikana kuti amalize iyeyo. Poyamba ankandiseka kuti nkhalamba yayamba kuopa magazi. Wina anamuuza za akazi anga. Masiku ano amangolandira mpeni.