Sanda m'sutikesi ya amayi

Salaam aleikum nonse.

Ndangochoka ku Ulongwe komwe ndimawathandiza amayi kulongedza za ulendo wa ku India uja, wa opaleshoni yochepetsa chifu. Pansi pa zitenje ndapeza nsalu yoyera yopindidwa bwinobwino. Sanda, abale anga.

Nditawafunsa, akuti, "Iwe Asiyatu, ndamva kuti kumeneko amaotcha maliro. Ndikapanda kudzuka, adzandikulunge ndi yangayi."

Ndawauza kuti Asilamu aliko, amaika m'manda ngati kuno. Iyayi, sakumva. Chakudya akukana, angokhala pamkeka ndi tasbihi, mikanda yawo yopempherera ija. Chonsecho adokotala ananenetsa kuti akapanda kupita, kunenepaku ndi shuga ziwatenga.

Amalume, achimwene, ndiichotse mobisa kapena ndiisiye momwemo? Ine manja anga akana kuigwiranso.