Oyilo Wofiira wa Pikiapu ya Abambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili Sitandade 8, pamene abambo anafika ndi pikiapu pakhomo pathu. Mudzi wathu uli kufupi ndi Nathenje, m'mbali mwa msewu wafumbi wopita ku Mitundu. Zinali zaka zoyambirira za matipate, nthawi imene aliyense wokhala ndi chinthu cha matayala anayi anayamba matola popanda womufunsa. Abambo anali atayendetsa galimoto pa esiteti ina ya fodya kwa zaka zambiri, ndipo mwini esitetiyo pobwerera kwawo anawasiyira pikiapuyo ngati chowathokozera. Inali nkhalamba yeniyeni. Kawotchi kowerenga mtunda kanali katazungulira mpaka kutopa n'kuima.

Chodabwitsa chake chinali choti inalibe kilatchi, magiya inkasintha yokha. Pamsika wa Mitundu anthu ankasuzumira pawindo kuti aone mwendo wamanzere wa abambo uli phee, ndipo ankaitcha galimoto ya alesi. Abambo ankangoseka, koma ankainyadira koopsa.

Chaka chimenecho amayi anali oyembekezera. Mng'ono wanga anabadwa kudzera pa opaleshoni ku chipatala cha ku Nkhoma, choncho anamwino akusikelo anawauza kuti mwezi womaliza ukangoyamba apite kuchidikiro komweko, asayerekeze kudikira matenda ali kunyumba, chifukwa chilonda chakale chija chikhoza kung'ambika. Koma inali nyengo yosankha fodya, ndipo pakhomo pathu amayi ndiwo anali ndi diso lodziwa tsamba labwino. Anati apita akamaliza, pajatu galimoto ili pakhomo. Tonse tinaika mtima pa galimotoyo, ndipo palibe anawatsutsa.

Pa Nathenje panali makaniko wina wachikulire, a Lufeyo, amene ankagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango. Tsiku lina tikuchokera kuchigayo, abambo anaima pamenepo kuti awaonere galimoto isanafike nthawi ya amayi. A Lufeyo anasolola kachitsulo koyezera oyilo wa m'giyabokosi injini ikulira, anakanunkhiza, n'kufikisa oyiloyo pakati pa zala. Anali woderako ndipo ankanunkha ngati shuga wopserera.

"Oyilo uyu musamuchotse, aPhiri," anatero. "Zam'kati zinadyeka kale, ndipo zinyenyeswa zake zomwe zili mu oyilomu ndi zimene zikuzigwiriziza. Akachepa muzingowonjezera."

Ine ndili pamwamba pa thumba la ufa ndinakwinya nkhope. Ndinali kamtsikana kapakamwa, koyamba m'kalasi pa Chingerezi, ndipo munthu wovala ovolosi yong'ambika m'mawondo sindinkamuwerengera. Masiku angapo m'mbuyomo ndinali nditapeza buku la galimotoyo kuseri kwa mpando. Lamulungu masana ndinalitsegula pakhonde n'kuyamba kuwatanthauzira abambo, mawu ndikukweza kuti oyandikana nafe amve. Bukulo linkati oyilo wa m'giyabokosi azikhala wofiira ndi woyera, ndipo akada n'kuyamba kununkha kupserera azisinthidwa. Ndinawafunsa abambo ngati a Lufeyo ankaidziwa galimotoyo kuposa amene anaipanga. Abambo sukulu analekezera Sitandade 3, ndipo pepala lolembedwa Chingerezi ankaliopa ngati samani ya kukhoti. Komabe anazengereza. Ndipamene ndinaponya mawu amene ndinadziwa kuti awalasa: nanga ikadzafa tsiku lonyamula amayi chifukwa cha oyilo wakuda?

Loweruka lotsatira anapita m'tauni m'mawa n'kubwera ndi zigubu za oyilo watsopano. Anakumba dzenje kuseri kwa nyumba, anaimika galimoto pamwamba pake, n'kulowa pansi ndi sipanala. Atamasula mabawuti a mbale ya pansi pa giyabokosi, oyilo wakale anakhuthukira m'beseni la amayi lochapira, wina n'kuwayenderera m'mikono mpaka m'khwapa. M'mbalemo munali kamaginito kokutidwa ndi matope otuwa ngati dothi la kudambo. Anatsuka zonse ndi palafini, ndi sefa yomwe, mpaka mbale inawala. Atabwezeretsa, anathira oyilo watsopano kudzera pakapaipi ka choyezera chija pogwiritsa ntchito botolo lodula pakati, analiza injini, n'kuyendetsa ndodo ya magiya pa zilembo zonse chimodzichimodzi.

Atayeza, oyiloyo anali woderabe, chifukwa wambiri wakale amabisala m'kati momwe satuluka ukamasula mbale yokha. Abambo anafuna kulekera pomwepo, koma ine ndinaloza m'buku kuti akunena wofiira, osati wofiirira. Anakhuthulanso kachiwiri, kenako kachitatu. Pomaliza kachitsulo kanatuluka ndi dontho lofiira ngati madzi a chidede, ndipo abambo anandisisita pamutu ndi dzanja lamafuta. Ndinamva kukoma mumtima kuposa tsiku lolandira zotsatira za mayeso.

Kwathu oyilo wakuda satayidwa, timapaka pamizati kuti chiswe chisadye. Posafuna kuti ntchito ithe popanda dzanja langa, madzulo omwewo ndinatenga beseni lija ndi chisanza n'kupaka mizati yonse ya chigafa cha fodya ndi ya khola la mbuzi. Wotsala ndinakathira m'chimbudzi kuti ntchentche zichepe. Amayi anandiyamikira kuti ndayamba kuganiza ngati munthu wamkulu.

Masiku oyamba galimoto inayenda mofewa. Koma Lachinayi, abambo atanditenga pochokera kusukulu, tinafika pachitunda cha kutsidya kwa mlatho, injini inakuwa kwambiri pamene galimoto inkachita ngati ikufuna kuima. Patapita kanthawi inagwira ndi kugwedeza kwamphamvu, n'kupitiriza. Tinayang'anana, aliyense n'kubweza maso ake kumsewu. Titafika kunyumba anandiitanira kuseri kwa khola n'kundifunsa motsitsa mawu kumene ndinaika oyilo wakale uja. Ndinawalozera mizati. Anaiyang'ana nthawi yaitali, akupukuta manja omwe anali oyera kale.

"Usawauze amayi ako, angade nkhawa," anatero. "Mawa ndikawaona a Lufeyo."

Mawa lake sanapite, ngakhale mkuja wake. Ndinkadziwa chifukwa ndinawaona akuzungulira njira ya kuseri kwa msika kuti asadutse pamtengo wa mango uja. Manyazi anali atawagwira, poti munthu anawachenjeza maso ndi maso iwo n'kumvera mwana. Inenso ndinali ndi anga. Madzulo aliwonse ndinkakhala m'chigafa moyang'anizana ndi amayi, iwo akusankha fodya, nthawi zina n'kuima kaye atagwira msana. Basi yopita cha ku Kamphata inkadutsa pa Nathenje tsiku ndi tsiku. Zikanangotengera mawu ochepa kuti amayi amange katundu wawo n'kupita kuchidikiro ali bwinobwino. Koma kunena kuti galimoto yadwala kunali kunenanso amene anaidwalitsa, ndipo pakamwa panga paja, pamene sipankatsekeka, panauma gwa. Tinakhala chete masiku asanu.

Lachiwiri m'mawa matenda anayamba, nthawi yake isanakwane. Amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi, anayala matiresi kumbuyo kwa pikiapu n'kukwera nawo. Ine ananditenga kuti ndizikatunga madzi ndi kuphika kuchipatala, ndipo ndinakhala kutsogolo ndi abambo. Pa tala galimoto inayenda, ngakhale inkalira modandaula. Titakhota pa Kamphata kulowa msewu wa ku Nkhoma inali itatentha, ndipo pachitunda choyamba inaima. Abambo ankaponda mafuta, injini inkakuwa, koma matayala osasuntha. M'kati monse munadzaza fungo la kupserera.

Anayesa rivesi, ndipo inagwira. Anaitana anyamata amene ankadutsa kuti awathandize kuitembenuza, n'kuyamba kukwera chitunda chambuyo, mutu atautulutsa pawindo, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo. Ine ndinkathamanga pambali nditanyamula mwala woti ndiziika kutayala ikafuna kubwerera. Anthu amene ankakolola m'minda ankaimirira n'kumaseka, poganiza kuti woyendetsa waledzera m'mawa. Tinayenda choncho mtunda ndithu, mpaka rivesi nayo inasiya kugwira. Dzuwa linali lili pamutu ndipo msewu wonse unalibe galimoto ina.

Nditawerama kuti ndiike mwala, ndinaona madontho ofiira akugwera m'fumbi. Ndinafuna kuwauza abambo kuti oyilo akudontha, koma ndinaona kuti akuchokera pachitseko cha kumbuyo, pamene panagona amayi. Amayi aakulu anatchinga ndi chitenje n'kundikalipira kuti ndichoke, izi si zoti mwana aone. Amayi sankabuulanso, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kubuula kuja.

Abambo anathamangira kumudzi wapafupi kukapempha ngolo. Mwini ngolo anavomera mosavuta, koma ng'ombe zinali kudambo, ndipo mpaka akazitenge, azimange m'goli, nthawi inali itapita. Tinafika kuchipatala dzuwa litapendeka. Madokotala anawalandira amayi mothamanga ndipo anawapulumutsa, ngakhale anawachotsa chiberekero. Mwanayo anali wamwamuna, ndipo anamutulutsa atafa kale. Pakhomo pathu tinali atsikana okhaokha awiri.

Maliro a mwana wotere salira. Azimayi achikulire okha ndi amene anakamuika, ndipo ife ana anatiuza kuti tisafunse kanthu. Pikiapu anaikoka ndi thirakitala n'kuisiya kuseri kwa nyumba, ndipo sinayendenso. A Lufeyo anabwera kudzapepesa. Ndinkayembekeza kuti anena za oyilo, ndipo ndinabisala kuseri kwa chitseko. Koma iwo anati giyabokosi ija inali itatsala pang'ono kufa ngakhale ndi oyilo wakaleyo, mwina ikanangokankha miyezi ingapo. Kenako anawonjezera motsitsa mawu.

"Mukanangobwera itangoyamba kuterereka, aPhiri. Kukonza sindikanatha, koma ndikanakuuzani kuti musanyamulirepo wodwala."

Abambo sanandidzudzule tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse, ndipo mpaka anamwalira sitinakambepo za masiku amenewo. Ndikanakonda akanandimenya.

Kwa zaka zambiri ndinkadana ndi buku lija, ndipo ndinkadziuza kuti phunziro langa linali loti mwana asamatsutse akulu. Zinali zosavuta kuganiza choncho. Lero ndikuona kuti bukulo silinaname, ndipo kusintha oyilo kunali kulakwitsa kwa anthu awiri amene ankafunira amayi zabwino. Kulakwitsa kotero kukanathera pa galimoto yokha. Mlongo wanga anafa chifukwa anthu awiri tinamva injini ikukuwa pachitunda, tinadziwa tanthauzo lake, ndipo tinasankha kusunga nkhope zathu pamene munthu amene moyo wake unali pangozi ankadalira ife.

Amayi akadali moyo, amakhala ndi mng'ono wanga ku Mitundu. Nkhaniyi ikatuluka amati galimoto inangotopa yokha, chinali chifuniro cha Mulungu, ndipo amauza adzukulu awo mmene mwana wawo wamkulu anathamangira ndi mwala m'manja kuti awapulumutse. Ine ndimangowerama. Ndine mphunzitsi tsopano, ndipo ana a eni ndimawauza tsiku ndi tsiku kuti ukalakwitsa uzinena msanga zinthu zisanaipe. Koma amayi anga sindinawauzebe, ndipo kwa ine masiku asanu aja sanathe.