Mluzu wa a Lumo

Anthu ankangowatchula kuti a Lumo. Anakalambira m'kachipinda kometera anthu kuseri kwa msika, momwe munali mpando umodzi, galasi long'aluka pakona ndi chitseko cholowera kosungira katundu. Zandale sankazifuna n'komwe. Vuto lawo linali limodzi: manja akagwira lumo, milomo inkayamba yokha kuimba mluzu, eni ake osadziwa. Akazi awo anayesa kuwaletsa mpaka anatopa.

Mng'ono wawo ndiye anali mutu wopweteka. Anali woimba, ndipo nyimbo zake zodzudzula boma zinaletsedwa pa wailesi. Anzake a m'bandi atagwidwa, a Lumo anamubisa kosungira katundu kuja. Koma woimba ndi woimba basi. Gitala analibe, komabe ankapeka nyimbo yatsopano chapansipansi, kuibwereza tsiku lonse mpaka inawalowa akulu akewo m'mutu.

Tsiku lina masana kunalowa bambo wa jekete lotuwa. Aliyense m'deralo ankadziwa kuti ndi wapolisi wosavala yunifolomu. Mnzake anatsala pakhomo.

"Ndevu zokha, madala," anatero pokhala pampando.

A Lumo mantha anawagwira. Anapaka sopo, nakoka lumo mosamala, maso ali patsaya la munthuyo kuti asayang'ane chitseko chija ngakhale kamodzi. Maso anawagwiradi. Anaiwala milomo.

"Nyimbo yabwino," anatero wajekete. "Ndi ya ndani?"

"Ya kutchalitchi, bwana."

"Ayi, madala. Ine ntchito yanga ndi kumvetsera nyimbo za mng'ono wanu, m'mawa mpaka madzulo. Ndimazidziwa kuposa mayina a ana anga. Kapekedwe aka ndi kake, koma iyi sindinaimvepo. Mwaimva kuti?"

Lumo linali pakhosi pa munthuyo, ndipo onse awiri ankadziwa. A Lumo analichotsa pakhosipo. Kenako analiika patebulo, chifukwa chiyambire ntchito sanachekepo munthu dala.

Wajekete anapukuta sopo, nakodola mnzake uja. Anamutulutsa woimbayo atamumanga manja kumbuyo, fumbi lili mbuu kumutu. A Lumo anafuna kupepesa, misozi ili mbwembwembwe.

Pakhomo mng'onoyo anacheuka n'kumwetulira.

"Achimwene, chakumapetoko mumalakwitsa, imakwera pamenepo. Muikonze, chifukwa amene akuidziwa kunja kuno ndinu nokha."