Mapu Pachipupa Chathu

Titasamukira ku Feira, kumene Luangwa amathira mu Zambezi, nyumba imene anatipatsa inali ndi zipupa zakuda bii ndi utsi. Amuna anga anali kalaliki paboma, ine ndinkaphunzitsa. Inali nthawi ya nkhondo ya kutsidya kwa Zambezi, m'mashopu mulibe ngakhale sopo, nanji penti. Koma iwo atapita ku Lusaka anabwerako ndi zitini ziwiri, cha buluu ndi cha yelo.

Ine ndinkafuna buluu pabalaza, poti ndi mmene Feira imatenthera, bola maso aziona chozizira. Iwo anati yelo, ati buluu ndi wa m'chipatala. Tinagwirizana zoyesa kaye. Ndinakoka mzere wanga chopingasa, iwo anatsitsa wawo kuchokera kudenga, mizere ija n'kukumana pakati. Aliyense wobwera tinkamufunsa. Amayi ogulitsa nsomba anati yonse ndi yokongola, bola tiwagule.

Tsiku lina masana kunabwera msilikali, mmodzi mwa aja ankalondera padoko, kudzapempha madzi akumwa. Ndinamulowetsa kuti naye aweruze. Anayang'anitsitsa chipupa, kapu ili m'manja, osamwa.

"Amayi, mapu awa wajambula ndani?"

"Mapu ati, bambo?"

"Uyu ndi Zambezi. Wamatopeyu ndi Luangwa. Akumana apa." Kenaka analoza msomali wopachikapo kalendala. "Ndipo apa m'pamene pali kampu yathu."

Amuna anga anathamangira kukatenga zitini ndi burashi, n'kuyamba kufotokoza mwachibwibwi. Msilikali anamvetsera, ananunkhiza chitini chimodzi, ndipo analamula kuti dzuwa likamalowa mapuwo akhale atafufutika. Ali pakhomo anatembenuka.

"Koma buluu ndiye wabwino," anatero, n'kumapita.

Chitini chimodzi sichikanakwana chipinda chonse, ndiye tinakhuthulira zonse ziwiri m'ndowa, n'kutakasa ndi mthiko wanga. Munatuluka penti wobiriwira modera, woti palibe anamufunapo. Tinapaka mothamanga, thukuta lili kamukamu, uku tikukangana kuti wolakwa ndani, wojambula mitsinje kapena woitana alendo.

M'mawa mwake msilikali uja anabwera kudzaona ngati tamvera. Ndinamusiya pabalaza, ine n'kupita kukhitchini kukamupangira tiyi. Pobwerera ndinapeza m'chipinda muli zii.

"Wapita kale? Ndiye tiyiyu ndavutikiranji?" ndinafunsa amuna anga.

"Ndilipo, amayi," anayankha mawu kuchokera kuchipupa.

Anali ataima pomwepo, yunifolomu yake ndi penti wathu osasiyana olo pang'ono. Ndinangoona mano.