Chikho cha Akufa pa Mzere wa Pachitsime

Chaka chimene mfuti zinakhala chete ndipo anthu anayamba kubwerera kwawo, boma linanditumiza kukaphunzitsa pa sikola ina cha kufupi ndi ku Nsadzo. Ndikuti sikola pofuna kuilemekeza chabe. Chimene ndinapeza ndi khoma limodzi, mthunzi wa mtengo wa mango ndi zipika zokhalira. Khomalo linali ndi mabowo a zipolopolo ambiri moti mphepo ikaomba linkaimba likhweru, ndipo agalu a m'mudzi ankabwera chothamanga poganiza kuti wina wawaitana. Wokayika apite akafunse agaluwo, ine bodza sindilidziwa.

Inenso ndinali wobwerera. Ndinalowera pa Cassacatiza kuchokera ku Zambia ndi njinga yokalamba kwambiri moti alonda a pamalire anayamba kupatsa moni iyo, ine pambuyo. Ana amene ndinawapeza anali a magulu awiri. Ena anakulira m'misasa ya othawa nkhondo ku Malawi ndi ku Zambia, ndipo ankandiitana kuti aphunzitsi. Ena anali a makolo amene sanathawe, omwe ankagona m'mapiri ndi kulima mobisala, ndipo awa ankati apurofesori. Ndinkavomera konsekonse, poti munthu wake anali yemweyo.

Phunziro limene ndinkalikonda linali la mbiri yakale. Buku lathu linkakamba za zombo ndi mafumu a kutsidya kwa nyanja, pamene ine ndinali ndi ana oti ena mwa iwo ankakhulupirira kuti nyemba zimabadwira m'thumba pamwamba pa lole. Ndiye ndinkayambira pa zimene ankaziona ndi maso. Msika unakhala bwanji pamene ulipo? Anayamba ndani zoti mwamuna azikakhala kwawo kwa mkazi? Ndinkawauza kuti chinthu chogwa kumwamba ndi mvula yokha, mwambo uliwonse uli ndi munthu amene anauyamba ndiponso vuto limene munthuyo ankalithawa. Ana ankagwedeza mitu, ena movomereza, ena chifukwa cha tulo.

Dzuwa litafika poswa mtengo, mtsinje umene obwerera ankatungako unauma, ndipo mudzi wonse unakumana pa chitsime chimodzi chakale cha patsinde pa mkuyu. Ambiri mwa obwererawo sanali a m'mudzi muno. Anakhazikika pano chifukwa minda ya kwawo inali isanachotsedwe mabomba okwirira, choncho chitsimecho sankachidziwa.

M'mawa wina ndinafika pa sikola nkupeza zipika zili zokhazokha. Panali ana ochepa, ndipo amene anandifotokozera anali mtsikana wamtali wochokera ku Malawi, yemwe anangobwera kudzatsanzika.

"Aphunzitsi, amayi akuti ndisabwerenso."

"Walakwa chiyani?"

"Si ine, ndi zapachitsime. Amayi analawira, nkuika chidebe chawo poyamba pa mzere. Atangotunga, mayi aja osamalira chitsime anabwera osapereka moni, nkuwalanda chidebe, nkukakhuthula madzi onse pamizu ya mkuyu. Amayi anafunsa, iwo duu. Anafunsanso, iwo duu. Ndiye amayi anawagwira."

"Anawagwira pati?"

"Paliponse, aphunzitsi."

Ndinamva pambuyo pake kuti nkhondoyo inali yaikulu. Zitenje zinang'ambika, zidebe zinauluka, ndipo chidebe china chinakatera ku Zambia, kumene akuchigwiritsa ntchito mpaka lero. Tsopano amayi obwerera anali atalumbira kuti ana awo sakhalanso chipika chimodzi ndi ana a anthu otaya madzi a anzawo. Amayi otsala, omwe sanathawe aja, nawonso anati ana awo sangasakanikirane ndi ana a anthu omenya munthu ali pakati pa mwambo.

Vuto langa linali lakuti adiretori, akulu a maphunziro a ku Chifunde, anali atanena kale kuti abwera kudzaona masikola mvula isanayambe. Kumene akapeze ana, kupita malata. Kumene akapeze zipika, sikolayo itsekedwa ndipo ana azikaphunzira kutsidya kwa phiri. Sanalakwe, malata safolera zipika. Koma ine ndinkadziwa kuti ana aang'ono sangakwere phirilo tsiku ndi tsiku, ndipo atsikana akuluakulu angokwatiwa basi.

Sindinapite kukaweruza mlandu. Mwamuna amene amalowa pakati pa amayi okangana pachitsime amatuluka ali wolakwa yekha. Ndinakwera njinga nkuyenda khomo ndi khomo kukapereka ntchito ya kunyumba.

"Mwana wanga sabweranso ku sukulu kwanuko," anatero mayi a mtsikana wamtali uja, manja ali m'chiuno.

"Ndamva, mayi. Koma mwana akajomba, funso silijomba. Akufunseni chinthu chimodzi chokha: mzere wa zidebe anauyamba ndani, ndipo chifukwa chiyani?"

"Limenelo ndi funso la sukulu?"

"Lalikulu ndithu. Ku Maputo anthu amalephera nalo mayeso."

Kwa otsala ndinasiya funso lina: kuthira madzi oyamba pamizu ya mkuyu anayamba ndani? Kenako ndinalengeza kuti mayankho ndidzawamvera pachitsime m'mawa, poti sikola munthu akhoza kuinyanyala koma madzi sanyanyalidwa.

Kutacha ndinawapeza onse. Obwerera anaima mbali yawo, zidebe zili pa mzere wowongoka ngati asilikali. Otsala anaima mbali ina m'timagulu. Chingwe chinali pansi, palibe amene anachikhudza. Ndinakhala pa mwala nkuitana mtsikana wamtali uja kuti ayankhe ngati tili m'kalasi.

Iye anaimirira, manja kumbuyo. Anati ku msasa kunali mpopi umodzi wa anthu ochokera m'midzi yosiyanasiyana, osadziwana, opanda wamkulu mmodzi woti onse amumvere. Madzi ankatuluka kanthawi kochepa nkusiya. Poyamba wamphamvu ndiye ankatunga, mpaka tsiku lina mayi woyembekezera anakankhidwa nkugwera pa mwala, pathupi nkupita padera. Amayi okhaokha ndiwo anakhala pansi nkupangana kuti chidebe chofika poyamba chizitunga poyamba, mwini wake akhale wolemera kapena wosauka, wa mudzi uno kapena uwo.

"Amayi akuti ku msasa analibe munda, analibe nyumba, analibe manda a kwawo," anatero mtsikanayo. "Chawo chenicheni chinali malo a pa mzere."

Kenako ndinatembenukira kwa otsala. Ndinaitana mwana wa mayi osamalira chitsime, mnyamata wamkulu amene nkhondo inamuchedwetsa moti anayamba kuphunzira zilembo ndevu zitamera kale. Iye anati chitsimecho chinakumbidwa chaka cha chilala ndi amalume a amayi ake. Atatsala pang'ono kufika pa madzi, dothi linagumuka nkukwirira awiri mwa iwo. Anzawo anapitiriza kukumba pofuna kutulutsa mitembo, ndipo potulutsa mitemboyo madzi anatumphuka. Anthu awiriwo anafera madzi amene sanawalawe, nchifukwa chake madzi oyamba a tsiku lililonse ndi awo. Wowaperekera salankhula mpaka atathira, monga mmene munthu salankhulitsira wamkulu akumwa.

"Ngakhale nthawi ya nkhondo amayi ankatsika m'phiri mozemba kudzathira," anatero, "kuti chitsime chisakwiye, othawa akadzabwera adzapeze madzi."

Ndinayembekezera kuti wina alira, koma amayi a kwathu salira pamaso pa amene anamenyana nawo dzana. Mayi a mtsikana wamtali anayang'ana mayi osamalira chitsime aja kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiye bwanji simunanene, mayi inu?"

"Ndikananena bwanji madzi a akuluakulu ali m'manja?"

"Mukananena dzulo lake! Pakamwa pankagwira ntchito dzulo lake, si choncho?"

"Nanga ine ndinadziwa kuti kubwera alendo olawira kuposa tambala? Inu mumagona koma?"

Wina anaseka kumbuyo, nkudzigwira pakamwa. Mayi wina wa tchalitchi anati iye za mizimu salowa nawo, ndipo madzi ake sangaperekedwe kwa akufa. Apa mpamene ndinaona kuti zinthu zikhoza kuyambiranso, ndipo ndinasendeza njinga yanga kufupi. Koma mayi a mtsikana wamtali sanamalize.

"Dikirani. Anthu akufawo mukuti ndi oyamba kutunga?"

"Ndi oyamba."

"Tsiku lililonse?"

"Chikumbireni chitsimechi."

"Nanga chidebe chawo chili kuti? Kumene tachokera ife, wopanda chidebe pa mzere ndiye kuti palibe, kaya ndi wamoyo kaya ndi wakufa. Akatunge ndi chawo, asamabwereke cha eni ake."

Mayi osamalira chitsime anapita kunyumba kwawo, nkubwera ndi chikho chakale chakuda. Anachiika patsogolo pa mzere, kutsogolo kwa chidebe cha mdani wawo. Anaponya chingwe, nkudzaza chikhocho, nkukathira pamizu ya mkuyu, tonse tili chete. Atabwerera anapereka chingwe m'manja mwa mayi a mtsikana wamtali.

"Tungani, achiwiri."

"Chitenje chanu chija ndisoka ine," anayankha mayiwo akukoka chingwe. "Koma khutu langa munaliluma ndinu, limenelo sindikuiwala."

"Linali lowawa, musadandaule, sindidzabwerezanso."

Mayi wa tchalitchi uja anati ngati akufawo akutunga ndi chikho chawo, iye alibe nawo mlandu. Otsala anayamba kuika zidebe zawo kumbuyo kwa mzere mmodzimmodzi, akung'ung'udza kuti zinthu zachilendo zimenezi zitha msanga. Sizinathe. Ndinakhala m'mudzimo zaka zambiri, ndipo ndikhoza kulumbira pamaso pa aliyense kuti akufa aja sanadumphepo mzere ngakhale kamodzi.

Ndisanachoke pachitsimepo ndinauza amayi awiriwo kuti ana awo onse awiri akhoza bwino, koma zotsatira ndimaperekera ku sikola, osati kuthengo. M'mawa mwake zipika zinadzaza, ena anakhala pansi. Adiretori atafika pa njinga yamoto anapeza ana ochuluka moti anandifunsa ngati ena ndinabwereka ku Zambia. Ndinati ayi, onsewa ndi apachitsime chimodzi. Malata anabwera mvula isanagwe, ndipo amene anaponda dothi la njerwa za makoma atatu otsalawo anali amayi omwe aja, akukangana za kapondedwe kabwino.

Chimene sindinachiganizire nchakuti ana akaphunzira kufunsa sasiya. Anafufuza amene anayamba belu, amene anayamba kusesa pabwalo, amene anayamba kugwada popereka chinthu kwa wamkulu. Tsiku lina mnyamata wandevu uja anakweza dzanja nkufunsa mwaulemu kuti kaswazi kamene ndinkayenda nako m'kalasi anakayamba ndani, ndipo ankathawa vuto lanji. Ndinamuuza kuti limenelo ndi phunziro la kalasi yapamwamba, imene pa sikola yathu inali isanatsegulidwe.