Tayala la Mano Lipite Kutsogolo

Pamsika ankangowatcha a Keriyala, chifukwa moyo wawo wonse unathera ponyamula katundu wa anthu panjinga: matumba, mabokosi, tsiku lina mpaka bedi lathunthu. Lamulo lawo linali limodzi: tayala lolimba lizikhala kumbuyo, komwe kuli mtolo. Lakutsogolo, ngakhale lakutha, bola lizizungulira.

Atapuma ntchito, mwana wawo wamkazi anawagulira njinga yokwerera mapiri, ndi matayala awiri atsopano. Chimwemwe chake! Bambo wa imvi anaimika njingayo pabalaza n'kumaipukuta ndi thaulo la alendo. Tayala lina linali lonenepa, la mano akuluakulu. Linzake locheperako, la timano tothithikana. Sanafunse munthu. Akanafunsa ndani, katswiri ali iwowo? Lonenepalo analiika kumbuyo.

Loweruka anakwera phiri la kuseri kwa sukulu, mtima uli dyokodyoko. Potsika, pakona ya miyala, tayala lakutsogolo linaterereka, mkulu uja n'kugwera m'tchire, khu! Anabwerera akutsimphina, chigongono chitasupuka.

Akazi awo anatsuka balalo osaseka ngakhale pang'ono.

"Bambo, mukagwanso, njingayi ndigulitsa ndekha. Sindikunena nthabwala."

A Keriyala anachita mantha enieni. Kwa nthawi yoyamba anali ndi njinga yongosangalalira, ndiye ipite? Mawa lake anaigadamitsa pakhonde n'kumaiyang'ana mokwiya.

"Koma lonenepa ndaika kumbuyo, monga mwa nthawi zonse," anadandaula.

"Nanga kumbuyoko mwanyamula ndani?" anafunsa mayiwo akuyanika zovala. "Ine ndinatsikapo kalekale. Ana anakula."

A Keriyala anayang'ana matayala onse awiri. Kenaka analumpha, kuiwala mwendo wopweteka.

"Mayi, mwanena zoona! Lakumbuyo likaterereka, ndimangoponda pansi. Koma lakutsogolo likathawa, nkhope ili m'dothi! La mano lipite kutsogolo, lizigwira pokhota. Laling'onoli likhale kumbuyo, lizithamanga. Ndipatseni sipanala!"

"Ili m'thumba mwanumo."

Loweruka lotsatira anakweranso. Atafika pakona ija anapendeketsa njinga. Mano a tayala analuma dothi, njinga n'kukhota mwaulemu ngati yamva mawu. A Keriyala anakuwa mpaka mbuzi zinabalalika. Anatsetsereka phiri lonse akuseka, malaya akuuluka, pakamwa podzaza fumbi.

M'munsi, pafupi ndi mpanda wa sukulu, anapeza akazi awo ataima, bandeji ndi mankhwala zili m'manja. Mayiwo anawayendera thupi lonse ndi maso, sanapeze bala, n'kubisa bandeji ija m'chikwama.

"Mwaona? Mwaona mmene ndakhotera?"

"Ndaona. Njinga sitigulitsa." Mayiwo anasisita tayala lakumbuyo, pamwamba pake popanda pokhala munthu. "Koma muikepo keriyala, bambo. Mwaseka nokhanokha phiri lonseli, ine ndili pansi pano."