Mtima wa bambo ndi makoswe anga

Kwa nthawi yaitali anthu a mu msewu wathu ku Highfield ankadziwa kuti ndimagwira ntchito ya mitima ku yunivesite. Sindinaname. Ndinangosiya kutchula kuti mitimayo inali ya makoswe.

Akuluakulu a kafukufuku ankamanga kamtsempha ka mtima wa khoswe kuti adwale monga amadwalira munthu mtsempha wa mtima ukatsekeka. Pambuyo pake tinkaunika mtimawo ndi makina a sikani, kuti tidziwiretu khoswe amene mtima wake udzafooke. Gawo langa linali kugoneka khoswe ndi mankhwala, kummeta pachifuwa, kumpaka mafuta oterera, n'kugwira kachipangizo pamene ena ankawerenga zithunzi. Ndinali wometa makoswe. Koma jasi yoyera ndinkaichapira kunyumba, ndipo ndinkaiyanika pa chingwe cha kumsewu, osati cha kuseri.

Kenako bambo anga, omwe anapuma ntchito ku fakitale ya ku Southerton, anagwidwa ndi ululu wa mtima pachifuwa akutsirira ndiwo. Anagonekedwa m'chipatala, anatuluka, ndipo patapita miyezi anaitanidwa kuti akaunikidwe mtima. Mayi anati, “Pita nawo iwe, ndiwe udziwa zimenezi.” Ndinavomera ndi mutu ngati munthu wotopa ndi kudaliridwa.

Adokotala anali mayi wodekha. Anawagoneka bambo cham'mbali, n'kuwapaka mafuta aja, ine nditaima pafupi ndi makina, manja kumbuyo. Mtima unaoneka. Unafinya, n'kumasuka, n'kudikira. Unafinyanso mwaulesi.

Ndinaweramira pa chithunzicho. Mtima wa khoswe umathamanga moti diso silitha kuutsatira, ndipo ukayamba kuyenda chonchi ndiye kuti mwini wake akutsanzika. Mtima wa munthu ndinali ndisanauonepo.

“Ukuima!” ndinakuwa. “Adokotala, chitanipo kanthu, bambo akupita!”

Bambo anadzutsa mutu. “Ndikupita kuti?”

Adokotala anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anati mtima ukugunda pa liwiro lake labwino, ndipo anafunsa m'Chishona kuti kodi ine ndinazolowera mitima ya ndani.

Ndinayankha motsitsa mawu. Sanamve. Ndinabwereza: “Ya makoswe.”

“Makonzo?” anatero bambo, kutchula makoswe m'Chishona. Anaseka mpaka chithunzi chinasokonekera, adokotala n'kuwapempha kuti agwire mpweya. Ine anandilozera mpando wa pakona.

Zotsatira zinali zoti mbali ina ya mtima sinkafinyanso bwino. Adokotala anawonjezera mankhwala, anawaletsa mchere ndi kunyamula zidebe, ndipo anati abwerenso.

M'kombi, minibasi yobwerera kwathu, ndinkayembekeza kuti bambo auza aliyense za makoswe aja. Koma titayandikira pa mashopu a ku Machipisa, anangondigwira bondo.

“Makoswe akowo, amene mbali ina yafooka ngati yanga, amakhala ndi moyo?”

Ndinafuna kuyankha ngati katswiri, koma ukatswiri unali utandithera m'chipinda muja. Ndinati ena amakhala nthawi yaitali ndithu, ena ayi, ndipo n'chifukwa chake timawaunika, chifukwa sitinadziwebe bwino.

“Chabwino,” anatero. “Uziwameta bwino.”

Titatsika anakana kuti ndiwagwire mkono. Anagula nthochi, anandipatsa imodzi, ndipo tinayenda pang'onopang'ono kupita kunyumba, iwo akupumira pa mthunzi uliwonse.